Kupikula mabatire, mainveta ndi majenereta kunja: yankho kwa amene akufuna kuyamba

Achimwene, mwafunsa komwe ife timapikula mabatire, mainveta (zipangizo zosandutsa magetsi a m'batire kukhala onga a m'nyumba) ndi majenereta pamtengo wotsika, momwe katunduyo amadutsira pachipata cha m'malire, komanso ngati phindu lake ndi lokwanira kuti munthu amene wakhala akugulitsa zovala aike mpamba wake m'malonda amenewa. Ndiyamba ndi mfundo imene mafunso onsewa atsamirapo. Waranti imene wogulitsa wa ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam amalemba pa lisiti, kawirikawiri imathera pomwe katundu watulukira m'dziko lakelo, chifukwa ngakhale atavomera kuti batire lafa nthawi isanakwane, adzafuna kuti mulibweze kusitolo kwake, ndipo ndalama yonyamulira chinthu cha makilogalamu 30 pa mtunda woposa makilomita 1,500, n'kubweranso ndi china, imatha kuyandikira mtengo wa chinthucho. Kasitomala wa ku Ndirande kapena ku Area 25 sadziwa sitolo ya ku Johannesburg, amadziwa inuyo, ndipo batire likafa pakatha miyezi inayi adzabwera pakhomo panu. Choncho m'malonda ano katundu wotsika mtengo ndi amene sabwerera, ndipo zambiri zimene ndifotokoze zikukhudza momwe mungamuzindikirire musanalipire.

Malondawa amayendera mdima. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januware 2022, dziko lathu lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kufikira pomwe malowo adakonzedwa mu 2023, chilichonse chotha kuyatsa babu chinkagulidwa. Ku Zambia mu 2024 madzi atachepa m'damu la Kariba, magetsi ankathima maola ofika 20 pa tsiku, moti Lusaka ndi Chipata sanali malo opikulako koma ogulitsako. Ku South Africa zidayenda mosiyana: chaka cha 2023 kuthimathima kudafika poipa kwambiri, masitolo adaitanitsa katundu wochuluka, kenako kumapeto kwa Marichi 2024 kampani ya magetsi ya m'dzikolo, Eskom, idasiya kuthimitsa magetsi kwa miyezi yambiri, katundu uja n'kutsalira m'mashelefu ndipo mitengo idatsika. Wamalonda ayenera kutsatira nkhani za magetsi za maiko onse atatu, popeza amapikula komwe kwawala n'kukagulitsa komwe kwada.

Njira zathu zikuluzikulu ndi ziwiri. Ya kumwera imachokera ku Johannesburg, komwe ambiri timagula m'misika ya Atchaina ya cha ku Crown Mines ndi Fordsburg kapena kwa makampani ogulitsa zida za sola, ndipo katundu amadutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete n'kulowa pa Mwanza kapena pa Dedza. Ya kumpoto imachokera ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam, kudutsa ku Mbeya mpaka pa Songwe. Majenereta ang'onoang'ono a petulo ndi mainveta wamba ndimakonda kuwayang'ana ku Kariakoo, koma mainveta akuluakulu a mayina odziwika, monga Growatt, Deye, Sunsynk kapena Victron, pamodzi ndi mabatire a lithium, ndimawafuna ku South Africa, komwe n'kosavuta kupeza wogulitsa wovomerezeka ndi kampani yopanga. Kuitanitsa mwachindunji kuchokera ku Guangzhou kapena ku Shenzhen kudzera pa doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam n'kotsika mtengo kuposa zonsezi, koma ndalama zanu zimakhala panyanja miyezi iwiri kapena itatu, ndipo mumalipira katundu amene simunamugwire. Kumeneko musayambireko.

Batire ndi pomwe ndalama zambiri zimatayikira, choncho ndikhalitsapo. Mabatire a mtovu, kaya a asidi, a gel kapena a AGM, amagulidwa ndi sikelo. Batire lenileni la 12V 100Ah limalemera makilogalamu a pakati pa 28 ndi 32, chifukwa mphamvu yake ili mu mtovu umene uli m'katimo, ndipo mukaona lolembedwa 100Ah koma lolemera makilogalamu 20, dziwani kuti nambala yapachikwangwaniyo ndi yongokometsera. Sikelo yokha siikwanira, popeza opanga ena achinyengo amaika zolemeretsa m'kati, n'chifukwa chake ndimayenda ndi mita yoyezera magetsi komanso chipangizo choyezera batire likukoka katundu. Batire la mtovu lodzaza bwino, limene lapumula, limaonetsa mavoti a pakati pa 12.6 ndi 12.8, ndipo likaonetsa ochepera 12.4 lili m'katoni, ndiye kuti lakhalitsa osatchajidwa. Apa ndi pomwe mitengo yotsika ija ya ku South Africa imakolera anthu: batire la mtovu limakalamba lili pashelefu, ndipo limene lakhala chaka osatchajidwa silibwereranso mwakale ngakhale katoni yake ikhale yonyezimira. Funsani tsiku limene lidapangidwa, ndipo wogulitsa akamazembazemba, pitani kwina.

Muyeneranso kudziwa kuwerengera kasitomala, chifukwa madandaulo ambiri amachokera kwa munthu amene adagula batire laling'ono kuyerekeza ndi zimene akufuna kuyatsa. Batire la 12V 100Ah limasunga mawati 1,200 a ola limodzi, koma la mtovu siliyenera kukhuthulidwa kupyola theka ngati mukufuna kuti likhalitse, ndiye ogwiritsa ntchito enieni ndi 600. Nyumba imene ikuyatsa mababu, wailesi ya kanema, fani ndi zotchajira mafoni, zonse pamodzi mawati 300, kwa maola anayi ikufuna mawati 1,200, kutanthauza mabatire awiri otere, ndipo inveta nayo imadyapo gawo lake. Mukagulitsa limodzi pofuna kuti mtengo uoneke wabwino, batirelo lizikhuthulidwa mpaka pansi tsiku lililonse ndipo silimaliza chaka. Kutentha kumaonjezera vutoli, pakuti moyo wa batire la mtovu umafupika ndi theka kutentha kukakwera ndi madigiri 10 pamwamba pa 25, moti batire limene lingakhalitse ku Dedza limafa msanga ku Chikwawa, ku Nsanje kapena ku Mangochi.

Mabatire a lithium a mtundu wa LiFePO4 ndi okwera mtengo pogula, koma mumatha kugwiritsa ntchito magawo 80 kapena kuposerapo pa 100 alionse a mphamvu yake, amapirira kudzaza ndi kukhuthula kambirimbiri kuposa a mtovu, ndipo la 100Ah limalemera makilogalamu 12 okha kapena cha pomwepo, zimene zimachepetsa ndalama yonyamulira. Ineyo ndikuona kuti ndi komwe malondawa akulowera. Chinyengo chake n'chovuta kuchiona, chifukwa ena amalonga maselo akale m'bokosi latsopano, choncho sankhani lokhala ndi BMS, kachipangizo ka m'kati koyang'anira maselo, imene imaonetsa pafoni kapena pakompyuta mphamvu ya selo lililonse ndi maulendo amene latchajidwa. Pali mabatire enanso a 48V amene amagulitsidwa mwakabisira pamtengo wodabwitsa, opanda katoni, nambala zake zitafufutidwa. Ambiri mwa amenewo amakhala obedwa pa nsanja za mafoni, ndipo akakupezani nawo pamalire, mlandu wake suthera pa msonkho.

Pa inveta nkhani ndi yaifupi. Gulani za pure sine wave zokha, zimene zimatulutsa magetsi osalala onga a ESCOM, ngati kasitomala ali ndi firiji, pampu kapena chilichonse chokhala ndi mota, chifukwa zotsika mtengo za modified sine wave zimatenthetsa mota ndipo mlandu wa firiji yopsa udzagwera inu. Werengani mphamvu imene inveta imapereka mosalekeza, osati nambala yaikulu yapakatoni imene imakhala ya masekondi ochepa, ndipo kumbukirani kuti firiji ikamayamba kulira imakoka magetsi kangapo kuposa mmene imakokera ikuyenda. Onetsetsaninso kuti mavoti a inveta, kaya 12, 24 kapena 48, akugwirizana ndi mabatire amene mukugulitsa, ndiponso kuti tchaja yake ingasinthidwe kuti itchaje lithium. Masoketi a ku South Africa ndi a mapini ozungulira pomwe athu ndi a mapini amakona, ndipo kanthu kakang'ono kameneka muyenera kukakonza katundu asanafike kwa wogula.

Jenereta iyenera kukhala ya 230V ndi 50Hz, ndipo zotsala za msika wa ku America za 60Hz musazitenge ngakhale atakutsitsirani bwanji. Funsani ngati mawaya a m'kati ndi a kopa kapena a aluminiyamu, ngati ili ndi AVR yoteteza zipangizo ku magetsi okwera ndi kutsika, ndipo muiyatse pomwepo n'kuipatsa katundu wolemera monga ketulo kuti mumve ngati injini ikugonja. Nambala ya kVA si ya makilowati: jenereta ya dizilo yolembedwa 5kVA nthawi zambiri imapereka makilowati 4, ndipo pamalo okwera ngati Lilongwe kapena Mzuzu, omwe ali pamtunda woposa mamita 1,000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, injini imachepako mphamvu chifukwa mpweya ndi wopepuka. Chachikulu ndi masipeyala. Injini za kapangidwe kofanana ndi Honda GX makaniko aliyense wa pamsika amazidziwa ndipo makabureta ake amapezeka, pomwe jenereta ya dzina lachilendo ikafa imangokhala chitsulo. Komabe ndikuuzeni kuti kusowa kwa mafuta kwa zaka zaposachedwapa kwafooketsa malonda a majenereta am'nyumba, chifukwa munthu amene wagona pamzere ndi chigubu amayamba kufunsa za inveta ndi sola. Aliyense amene mwamugulitsa jenereta mumuuze kuti asaiyatsire m'nyumba, pakuti utsi wake umapha anthu ali m'tulo, komanso kuti asailumikize ku mawaya a nyumba popanda switchi yosinthira, kuopera kubweza magetsi m'mawaya a ESCOM n'kupha wogwira ntchito pa pholo.

Tsopano za pamalire. Khalani ndi TPIN, nambala ya wokhoma msonkho ya ku MRA, ndi ma invoisi enieni, ndipo katundu akachuluka mufunika ejenti wolembetsedwa woti akukonzereni Form 12, chikalata chofotokozera katundu wanu kwa a msonkho. Katundu aliyense ali ndi nambala yake m'buku la msonkho: mabatire ali pa 8507, mainveta pa 8504, majenereta pa 8502, ndipo msonkho umatsatira nambalayo pamodzi ndi momwe katunduyo wafotokozedwera. Boma lakhala likuchotsa kapena kuchepetsa msonkho pa zida za sola, koma batire la galimoto silionedwa mofanana ndi la sola, ndipo malamulowa amasintha ndi bajeti, choncho funsani ku MRA musananyamuke. Ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono imathandiza pa katundu wopangidwa m'maiko a mgwirizanowo amene ali pa mndandanda wovomerezeka, ndipo inveta yopangidwa ku China siisanduka ya ku Zambia chifukwa choti mwaigula ku Lusaka. N'chimodzimodzi ndi chikalata cha SADC chotsimikizira komwe katundu adapangidwa. A MBS, bungwe loona za ubwino wa katundu, ali ndi mphamvu yoyeza katundu wolowa, ndipo MERA ndi imene imapereka ziphaso kwa ochita malonda a zida za sola, choncho pitaninso kumeneko malonda asanakule. Kulembetsa mtengo wabodza n'cholinga chochepetsa msonkho sindikulangizani, popeza ofesala amadziwa mitengo ya zinthu zimenezi, ndipo chindapusa pamodzi ndi masiku amene katundu wagwidwa zimadya phindu lonse.

Kanyamulidwe kake n'kosiyana ndi ka mabelo a zovala. Mabatire a lithium amawerengedwa m'gulu la katundu woopsa, ndege sizilola wokwera kunyamula batire loposa 160Wh (mawati a ola limodzi) pomwe la lithium la 12V 100Ah lili ndi pafupifupi 1,280Wh, ndipo kuwabisa pansi pa basi yodzaza anthu n'kuika miyoyo pachiswe. Ambirife timapereka katundu kwa eni malole amene amalipiritsa potengera kulemera. Mugwirizane polemba kuti mtengowo ukuphatikiza chiyani ndiponso amene adzalipire chikasweka ndani, jambulani manambala a katundu yense asanakwere, jenereta ikhale yopanda mafuta ndi oyilo, ndipo mabatire a asidi aimirire. VAT ya 15 peresenti imene mwalipira ku South Africa mukhoza kupempha kuti ikubwerereni ngati muli ndi invoisi ya msonkho ndipo katundu waonetsedwa potuluka, koma imachedwa, ndiye musaiwerengere pa mpamba wa ulendo wotsatira.

Za phindu, lilipo, ndipo pa chinthu chimodzi limaposa la zovala, koma katunduyu amayenda pang'onopang'ono ndipo amamanga ndalama zambiri. Mtengo wogulitsira muziuwerengera pa ndalama zimene mudzafune kuti mukagulenso chinthu chomwecho, osati zimene mudagulira, chifukwa ndalama zakunja n'zosowa m'mabanki ndipo kwacha imatha kugwa usiku umodzi, monga idagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe amene adali atakongoza katundu adalandira ndalama zosakwanira kugulanso zimene adagulitsa. Pa katundu aliyense patulani kagawo kosinthira chimene chingabwerere, ndipo waranti yanu muzipereka pokhapokha katunduyo akalumikizidwa ndi katswiri wa zamagetsi amene mumamudziwa, popeza mawaya opyapyala ndi kusowa kwa mafyuzi zimaononga zida zabwinobwino. Pa ulendo woyamba tengani mainveta ochepa a mtundu umodzi ndi mabatire ogwirizana nawo, makamaka amene makasitomala alipirako kale gawo lina, ndipo malonda a zovala musawatseke kufikira katundu woyambayo atagwira ntchito nyengo imodzi yonse yotentha.