Pa mafunso okonza ziganizo, khutu limanamiza

Achemwali, mwafunsa chifukwa chomwe mukulakwira mafunso a Chingerezi okonza ziganizo pokonzekera MSCE, chikhalirecho mumasankha yankho lomveka bwino m'khutu. Vuto lagona pomwepo. Khutu lathu linazolowera Chingerezi cha m'minibasi ndi cha pa WhatsApp, ndipo olemba mayeso amazidziwa zimenezi. "Borrow me your pen" imatikomera chifukwa kwathu timati "ndibwereke cholembera", koma pa Chingerezi wopereka amachita lend, wolandira ndiye amachita borrow. Nayo "discuss about" ndi "kukambirana za" yangovala jekete. About uja ngwosafunika.

Ndiye musanathamangire mayankho, dzifunseni kaye kuti akuchita ndani, nanga akuchita chiyani. Taonani ichi: "The bag of oranges are heavy." Cholemera n'chiyani, thumba kapena malalanje? Pa Chichewa simunganene kuti "thumba la malalanje akulemera", mumati "likulemera". Apanso ndi chimodzimodzi, pafunika is. Olemba mayeso amaika dala dzina la zinthu zambiri pafupi ndi mneni kuti mukodwe. Ana anga a Fomu 4 ndimawauza kuti aphimbe ndi chala mawu apakatiwo, awerenge mwininkhani ndi mneni basi.

Komano zimene zimagwetsa ngakhale ana anzeru ndi ziganizo zomwe galamala yake ikuoneka yowongoka koma tanthauzo lalowa m'tchire. "Riding a bicycle to the market, a dog bit the boy." Werengani pang'onopang'ono. Momwe chalembedweramu, wopalasa njingayo ndi galu! Dzina lobwera pambuyo pa mpatuliro (comma) ndiye mwini wake wa ntchito yatchulidwa koyambirira ija. Choncho cholondola ndi "Riding a bicycle to the market, the boy was bitten by a dog." Ndaonapo kalasi yonse ikukana yankho limeneli ati latalika. Kufupika si kulondola ayi, chachifupi mumachisankha pokhapokha ziwiri zikunena chimodzi ndipo zonse zilibe cholakwika.

Samalaninso ndi kamawu koti only, n'kochepa koma kamasuntha nkhani yonse. "Only Mother cooked nsima" ndiye kuti anaphika ndi mayi okha, ena onse anangokhala. "Mother cooked only nsima" ndiye kuti pamoto panali nsima yokha, ndiwo kulibe, mugona mukudandaula. Yankho lina limakonza galamala bwinobwino koma n'kusintha zomwe chiganizo choyamba chimanena. Limenelo litayeni, ngakhale likome chotani.

Poyeserera ndi mapepala akale a MANEB, musamangochonga cholondola n'kupitirira. Pambali pa yankho lililonse lolakwika lembani mawu awiri atatu: "mneni sakugwirizana", "nthawi yasintha", "galu pa njinga". Mukapeza funso lomwe mayankho awiri akukukanikani kusiyanitsa, liponyeni m'gulu muno pamodzi ndi lomwe inu mwasankha, tione pamene mwapatukira.