Tsiku limodzi ku Istanbul: mzikiti woyamba kuuona

Mayi wina wandilembera kuti adzakhala ku Istanbul, m'dziko la Turkey, tsiku limodzi lokha. Akufunsa ngati mzikiti woyenera kuuona ndi wa Sultan Ahmed, komanso ngati munthu amene si Msilamu amaloledwa kulowamo.

Mayi, mudzalowa ndithu popanda kulipira, malinga muvule nsapato, mufunde mpango kumutu, muvale zofika m'munsi mwa mawondo, ndiponso mupewe nthawi ya swala, makamaka Lachisanu masana. Koma ine ndikuti mukwere kaye chitunda mukaone mzikiti wa Süleymaniye. Mzikiti wa Sultan Ahmed, umene anayamba kumanga mu 1609, ndi wokongoladi ndi matailosi ake opangidwa m'tauni ya İznik, koma anaumanga ndi Sedefkâr Mehmed Ağa, wophunzira wa mmisiri wamkulu wa zomangamanga Mimar Sinan, ndipo nzeru ndi kuyambira pa ntchito ya mphunzitsiyo.

Sinan anamangira Sultan Süleyman mzikiti wa Süleymaniye kuyambira 1550 mpaka 1557. Denga lake lozungulira lili pa mamita 53 kuchokera pansi, lakhazikika pa zipilala zinayi zikuluzikulu, ndipo madenga awiri atheka amalichirikiza kutsogolo ndi kumbuyo, monga zilili ku Hagia Sophia, nyumba yakale yopemphereramo ya mumzindawu. Luso lenileni lili pamene maso safikira msanga: mizati yotchinjiriza kulemera kwa dengalo anailowetsa m'makoma, mbali ina mkati ndi mbali ina kunja kuseri kwa makonde, kotero kuti makomawo anapeza malo a mazenera ambiri, ndipo kuwala kumafika paliponse pamene munthu angagwade.

Mukalowa, mucheuke muyang'ane pamwamba pa khomo lalikulu. Pamenepo pali kachipinda kamene mpweya unkakokerako utsi wa nyale zamafuta, ndipo mwaye wounjikana m'menemo ankapangira inki, m'malo moti uzidetsa makoma. Zimenezi zimandigwira mtima kuposa zokongoletsa zonse.

Musathamangire kuchoka, chifukwa mzikitiwu sunamangidwe wokha. Anauzunguliza ndi madarasa, chipatala, nyumba yosambiramo ndi khitchini yophikira osauka. Kumbuyo kwa mzikitiwu kuli manda a Süleyman ndi a mkazi wake Hürrem Sultan, pamene Sinan anaikidwa m'manda aang'ono kunja kwa mpanda, pamphambano. Njala ikakugwirani, moyang'anizana ndi mzikiti muli malesitilanti otchuka ndi nyemba zophika, zimene eni ake amati kuru fasulye, ndipo amadyera mpunga.