Yankho kwa achimwene pa za sukulu ya mwana wathu

Moni nonse a pa gulu la banja lathu. Achimwene, uthenga wanu ndinaumva usiku, ndipo ndasankha kuyankha ndi mawu chifukwa nkhaniyi yandikulira kuilemba ndi chala. Mwafunsa ngati kuli koyenera kumuchotsa mtsikana wathuyu pa sukulu ya boma ya kumudzi kuno tsopano pamene akulowa Sitandade 6, n'kumupititsa ku sukulu ya pulaiveti imene mwaiona pa Facebook ikulengeza kuti ana ake onse anakhoza mayeso a Sitandade 8, ndipo mwafunsanso kuti sukulu yabwino ya ana a msinkhu umenewu munthu amaidziwira chiyani. Ndiyankha ngati azakhali ake, komanso ngati munthu amene anagwira choko zaka zambiri m'boma lino la Mulanje.

Msinkhu umene mwanayu akulowa ndi wovuta kuposa mmene makolo ambiri amaganizira. Ku America ana a zaka 11 mpaka 14 ali ndi sukulu yawoyawo ya pakati pa pulayimale ndi sekondale, koma kwathu kuno zaka zimenezi zimagwera kuyambira Sitandade 6 mpaka cha ku Fomu 2, ndipo m'kati mwake muli mayeso awiri a MANEB, a PSLCE a Sitandade 8 ndi a JCE a Fomu 2 aja amene anaathetsa n'kudzawabwezeretsa mu 2021. Nthawi yomweyo thupi la mwana likusintha, mawu a anzake ayamba kulemera kuposa mawu a agogo ake, ndipo kuyambira Sitandade 5 maphunziro ambiri akuwamva m'Chingerezi. Mwana amene Chingerezicho chinamudutsa sachita phokoso ayi. Amakhala phee kumbuyo, kukopera za pa bolodi mwaukhondo, ndipo aliyense amamuyesa waulemu mpaka tsiku limene zotsatira zidzatuluke.

Za chilengezo chija, ndikupempheni kuti musathamange nacho. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Funso loyenera kufunsa ahedi si lakuti anakhoza angati, koma lakuti ana amene analowa Sitandade 6 zaka zitatu zapitazo anali angati, ndipo amene anafika polemba mayeso anali angati. Ndinaphunzitsapo pafupi ndi sukulu ina, sinditchula dzina, imene inkabwereza ana ofooka onse mu Sitandade 7 kapena kuuza makolo awo kuti akayese kwina, kotero kuti olemba mayeso ankakhala osankhidwiratu. Pa chikwangwani zinkaoneka bwino kwambiri, koma ana amene anatayika panjira palibe ankawawerenga. Mufunsenso kuti mwa okhozawo, anasankhidwa kupita kusekondale ndi angati, chifukwa kukhoza ndi kusankhidwa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo malo a Fomu 1 m'sukulu za boma ndi ochepa poyerekeza ndi ana amene amakhoza.

Chimene ine ndimadziwira sukulu ndi ichi: mwana akajomba, kodi pali munthu wamkulu amene amazindikira tsiku lomwelo? Kaundula wa m'kalasi amaulula zambiri kuposa ofesi ya ahedi. Pali sukulu zimene mphunzitsi amaitana maina m'mawa uliwonse, ndipo mwana akasowa masiku awiri amatuma mnzake woyandikana naye nyumba kukafunsa, kapena amauza amayi a m'gulu la sukulu kuti akayendere pakhomopo. Pali zinanso zimene kaundula amadzazidwa Lachisanu lokha ndi cholembera chimodzi, sabata yonse nthawi imodzi. Ndikukumbukira mtsikana wina wa m'kalasi langa amene ankasowa tsiku la msika wa ku Limbuli lokhalokha. Nditaona kuti masikuwo akufanana ndinakacheza ndi amalume ake, ndipo zinapezeka kuti ankatumidwa kukagulitsa nanazi. Tinagwirizana kuti azipita mkulu wake amene anali atamaliza kale sukulu, nkhaniyo n'kuthera pomwepo. Sipanafunike ndalama iliyonse. Kuno kwathu kumene nyengo ya mvula imabwera ndi ganyu wambiri m'minda ya tiyi ya alimi ang'onoang'ono, ndipo malire a Muloza ali pafupi ndi malonda ake okopa anyamata, sukulu yosawerenga ana ake imawataya mmodzimmodzi osadziwa.

Chachiwiri ndi makope. Mukafuna kudziwa ngati m'kalasi mukuphunzitsidwa, tengani kope la masamu ndi la Chingerezi la mwana wapakatikati, osati la wanambala wani, muone tsiku limene linachongedwa komaliza, ndiponso ngati pamene analakwitsa anamuonetsa njira n'kumubwerezetsa. Apa ndiyenera kuwachitira chilungamo aphunzitsi anzanga a m'sukulu za boma. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pamene chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, makalasi sanapumepo. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma ine ndinaimapo patsogolo pa ana oposa 100, ndipo munthu sangachonge makope onsewo tsiku ndi tsiku. Sukulu yolongosoka imapeza njira: kuchonga mzere umodzi lero, wina mawa, kuika ana m'magulu kuti odziwa athandize anzawo, ndi kupatula nthawi yoti mwana aliyense awerenge mokweza. Ngati sukulu ya pulaivetiyo ili ndi ana ochepa m'kalasi, umenewo ndi mwayi weniweni ndipo sindingaukane, komabe mufunse ngati aphunzitsi ake anapita ku koleji ya uphunzitsi komanso ngati amakhalitsa, chifukwa kalasi losintha aphunzitsi teremu iliyonse limangoloweza mayankho a mayeso akale.

Tsopano za khalidwe ndi umoyo wa mwana pakati pa anzake, zimene kwa mtsikana wa msinkhu uwu ndimaziika patsogolo. Pitani kuseri mukaone zimbudzi. Ngati za atsikana zilibe zitseko, ngati palibe madzi pafupi kapena chipinda chosinthiramo, mtsikana akakhala kumwezi adzakhala kunyumba masiku angapo mwezi uliwonse, ndipo sadzakuuzani chifukwa chake, makamaka inu bambo ake muli ku Johannesburg. Mufunse ngati pali mphunzitsi wamkazi amene atsikana amamasuka naye, ndipo mufunse anawo, osati ahedi. Mufunse chimene chimachitika mnyamata wamkulu akamavutitsa ang'onoang'ono panjira yobwerera, komanso chimene chimachitika mphunzitsi akayamba kutuma mtsikana kunyumba kwake. Sukulu imene imayankha kuti zimenezo kuno sizichitika ndiye imene ine ndimaiopa. Lamulo lathu linaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatiwa, ndipo kuyambira 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera m'kalasi, koma malamulowo amagwira ntchito pokhapokha komiti ya sukulu, gulu la amayi ndi mafumu akamayenderana.

Chilango nachonso muchione. Kumene ana amakhalira kukumba maenje kapena kutchetcha pa nthawi ya maphunziro, mwana amalangidwa kawiri, chifukwa phunziro lamudutsanso. Mpira, kwaya ndi makalabu sizinthu zongotayira nthawi, pakuti mwana amene ali ndi malo ake mu timu ya ntchemberembaye amakhala ndi chifukwa china chodzukira m'mawa wa chiperoni. Phala nalonso limasunga ana ambiri m'kalasi mpaka kuweruka.

Chotsiriza ndi mtunda. Sukulu ya pulaivetiyo ili kutali ndi kumudzi kuno, ndiye kuti mwanayu aziyenda pa kabaza tsiku lililonse kapena akakhale kwa anthu ena. Tonse tikukumbukira mmene namondwe wa Freddy anadulira misewu ndi milatho mu Marichi 2023, ndipo ngakhale chaka chabwinobwino mitsinje yochokera m'phiri la Mulanje imadzaza mwadzidzidzi. Mwana wa zaka 11 wogona kwa achilendo ine sindingamuvomereze, ngakhale sukuluyo ikhale yotchuka bwanji.

Choncho fizi musatumize kaye. Lachiwiri likudzali ndipita ku sukulu zonse ziwiri popanda kuwadziwitsa, ndikafike belu lisanalire kuti ndione nthawi imene aphunzitsi amafikira, ndikapemphe kaundula ndi makope atatu a Sitandade 6, kenako ndikazungulire kuseri. Ndikabwerako ndikhala pansi ndi mwanayo payekha, chifukwa mpaka pano palibe amene wamufunsa maganizo ake, ndipo zimene ndikapeze ndidzazinena pa gulu pompano Lachitatu madzulo. Mupereke moni kwa alamu.