Tifunseni za Umoyo: Kompyuta yati 74, makhololo ati mulibe TB, tikhulupirire ziti?

FUNSO: Zikomo alangizi. Amuna anga akhala akutsokomola kwa masabata atatu ndiye tinapita kuchipatala, anawajambula X-ray pachifuwa koma chodabwitsa sanaione adokotala ayi, chithunzicho chinangopita pa kompyuta kenako panatuluka nambala 74 ndi mtundu wofiira kumtunda kwa phapo lakumanja. Anatiuza kuti apereke makhololo, zotsatira zabwera akuti TB mulibe. Bambowa anadwalapo TB zaka zisanu ndi zitatu zapitazo ndipo mankhwala anamaliza bwinobwino. Pano apongozi anga akuti makinawo ndi abodza, ine mutu waima. Zoona ndi ziti? Mayi wodandaula, Blantyre

YANKHO: Mayi, pepani ndi nkhawayi, ndipo mwachita bwino kwambiri kuwatengera bambo kuchipatala chifukwa azibambo ambiri amalimbalimba ndi chifuwa mpaka miyezi. Ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi kuti palibe wanama apa, kompyuta yanena zoona ndipo makhololo nawo mwina anena zoona, kungoti anafunsidwa mafunso osiyana.

Muja bambo anaima chifuwa chitagunda chimbale chija, manja m'chiuno, wojambula nkuti pumirani mkati, gwirani mpweya, cheza chinadutsa m'thupi mwawo nkusiya mthunzi. X-ray ndi mthunzi basi. Mafupa amatchinga cheza ndiye amaoneka oyera, mpweya sutchinga ndiye phapo labwino limaoneka lakuda, ndipo chilichonse chimene chalowa m'malo mwa mpweya, kaya ndi mafinya, madzi, chotupa kapena chipsera chakale, chimaoneka choyererako ngati mtambo. Kachilombo ka TB sikaoneka pa chithunzi chimenechi, nkakang'ono kwambiri. Chimene chimaoneka ndi zimene kawononga.

Tsono pulogalamu imene munaiona ija anaiphunzitsa poionetsa zithunzi zambirimbiri za mapapo, zina za anthu amene anatsimikizika kuti ali ndi TB zina za anthu abwinobwino, mpaka inazolowera maonekedwe ake. Mukaipatsa chithunzi chatsopano imapereka nambala, pa pulogalamu ngati CAD4TB ya ku Netherlands nambalayo imayambira 0 kulekeza 100, ndipo imapaka mtundu pamalo pamene yakayikira, pofiira ndiye pamene yakayikira kwambiri. Ndiye 74 ija sikuti bambo ali ndi TB ya mlingo wa 74, kapena kuti phapo lawo lawonongeka magawo 74 pa 100 ayi. Ikungoti phapo ili likufanana ndi mapapo a TB amene ndinawaonapo, muyezeni makhololo munthuyu. Ntchito yake ndi ya sefa, kupatula amene akufunika kuyezedwa mozama kuti makatiriji a GeneXpert, makina oyezera TB m'makhololo, omwe ndi odula, asathere pa aliyense wa chimfine.

Apa ndiye pakubwera mbiri ya bambo. TB imakonda kumtunda kwa mapapo ndipo ikachira imasiya zipsera, ngati mmene bala la moto limapolera koma khungu osabwerera mwakale. Ofufuza m'mayiko angapo apeza mobwerezabwereza kuti mapulogalamu amenewa amakonda kupereka nambala yokwera kwa anthu amene anadwalapo TB kale komanso kwa okalamba, chifukwa chipsera ndi chilonda chatsopano pa mthunzi zimafanana kwambiri. Nanga kompyutayo inafunsa kuti bambo munadwalapo? Siinafunse, inangoona chithunzi. Ngakhale katswiri wowerenga zithunzi amavutika napo pamenepa, nchifukwa chake amakonda kufunsa kuti chithunzi chakale chili kuti, akaziika pamodzi nkuona kuti mtambowo uli pomwepomwe sunakule, mtima umakhala pansi.

Koma musatseke nkhaniyi mayi. Makhololo nawo amatha kuphonya, makamaka ngati munthu wapereka malovu m'malo mwa makhololo enieni ochokera pansi pa chifuwa, kapena ngati tizilombo tili tochepa monga zimakhalira kwa anthu ena amene ali ndi HIV. Ndiye ngati chifuwa chikupitirira, akutuluka thukuta usiku, akuonda kapena mwaona magazi, bwererani msanga ndi kabuku kawo ka kuchipatala kakale kaja, muwauze adokotala za TB yoyamba ija, apemphe kuyezanso, ayezetsenso HIV ngati papita nthawi. Palinso matenda ena amene amakhala m'phapo limene linadwalapo TB, ena ndi a nkhungu imene imamera m'mabowo otsala, ndipo amenewo mankhwala a TB sachiza.

Apongozi muwauze kuti makinawa sanangotola kumsika. Bungwe la WHO linawavomereza mu 2021 kuti azigwiritsidwa ntchito pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'mwamba, litayesa mapulogalamu atatu, CAD4TB, qXR ya ku India ndi Lunit ya ku South Korea, nkupeza kuti akuwerenga molingana ndi anthu ophunzira ntchitoyi. Ndipo umboni wina unachokera kwathu konkuno. CAD4TB inayesedwa ku Lusaka ikadali yatsopano, kenako ku Bangwe mu Blantyre momwemo ofufuza a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome anachita kafukufuku wotchedwa PROSPECT pa akuluakulu 1,462 amene anabwera ndi chifuwa. Zotsatira zinatuluka mu 2021. Pagulu limene linajambulidwa nkuwerengedwa ndi kompyuta, theka la amene anayamba mankhwala a TB anayamba tsiku lomwelo kapena mawa lake, pomwe pagulu lothandizidwa mwa masiku onse theka linafika masiku 11. Ine masiku khumi amenewo ndimawawerengera kwambiri, chifukwa ndi masiku khumi munthu akutsokomolera ana m'chipinda chimodzi, akukwera minibasi mawindo otseka, ena mpaka osabwereranso kuchipatala chifukwa ndalama ya thiransipoti yatha.

Komabe sindifuna muchoke pano mukuganiza kuti kompyuta ndi mneneri. Mu 2018 ofufuza a ku America anafalitsa zimene anapeza ataphunzitsa pulogalamu kuzindikira chibayo pa zithunzi za m'zipatala zosiyanasiyana. Inkakhoza bwino kwawo koma ikapita kuchipatala chachilendo inkatsika, atafufuza anapeza kuti inaphunzira kuzindikira chipatala chimene chajambula chithunzicho, mpaka kumayang'ana kachitsulo kamene ojambula amaika pakona kosonyeza kumanzere ndi kumanja, ndiye poti chipatala china chinali ndi odwala chibayo ambiri inkangoganizira kuti chithunzi chochokera kumeneko ndi cha chibayo. Nthawi ya COVID zinachitikanso, gulu la ku Cambridge linaunika mozama mapepala a kafukufuku 62 a mapulogalamu owerenga mapapo ndipo silinapeze ngakhale imodzi yoti nkuidalira pa odwala. Ndiye pulogalamu iliyonse ikabwera kuno iyenera kuyesedwa pa zifuwa zathu, za anthu ophikira nkhuni, odwalapo TB kawiri, okhala ndi HIV, ndipo nambala yodulira kuti uyu ayezedwe makhololo uyu ayi iyenera kusankhidwa malinga ndi anthu a malo amenewo.

FUNSO: Ine chaka chino chokha andijambula X-ray kawiri, anzanga kuntchito akuti zimenezi zimaumitsa magazi komanso munthu umasiya kubereka. Pano akuti ndikapange CT ya pachifuwa, ndikuopa. Mnyamata wa ku Mzuzu

YANKHO: Achimwene, zouma magazi ndi zosabereka chifukwa cha X-ray ya pachifuwa ndi nkhambakamwa chabe. Cheza chimayezedwa mu mSv. X-ray ya pachifuwa imakupatsani pafupifupi 0.1 mSv kapena kucheperapo, pomwe munthu aliyense padziko, ngakhale amene sanapondepo kuchipatala, amalandira pafupifupi 2.4 mSv pachaka kuchokera m'nthaka, m'miyala, mu mpweya ndi kumwamba. Kawiri kanuko ndi cheza cha pafupifupi mwezi umodzi basi chongokhala pakhomo.

CT ndiye ina, sindikubisirani. Imeneyi imazungulira thupi nkujambula mbali zonse, kompyuta nkulumikiza kukhala zithunzi zodulidwadulidwa ngati mukudula buledi, ndipo ya pachifuwa imafika cha m'ma 6 kapena 7 mSv, kutanthauza X-ray makumi angapo nthawi imodzi. Nchifukwa chake sachita mwachisawawa makamaka kwa ana. Koma imaona zimene X-ray wamba siingaone, kachotupa kobisala kuseri kwa mtima kapena nthiti, ndiye ngati adokotala aipempha afunseni kuti mukufuna kuona chiyani ndipo zotsatira zisintha chiyani pa chithandizo changa. Akakuyankhani zomveka pitani mukapange, kuopsa kosadziwa chimene chili m'chifuwa mwanu nkwakukulu kuposa chezacho. Azimayi okha amene ali oyembekezera kapena akukayikira azinena asanajambulidwe. Sikani ija ya amayi apakati ilibe cheza chamtunduwu, imagwiritsa ntchito mafunde a phokoso, MRI nayonso ilibe, imayendera maginito.

FUNSO: Ndili Fomu 4 ndipo ndimakonda physics ndi kompyuta. Kodi kafukufuku wa zojambula m'thupi amachitika kuno kapena ndi za kunja zokhazokha? Mtsikana wa ku Zomba

YANKHO: Mwana wanga, funso lako landisangalatsa ndipo ndikuuza nkhani imodzi imene ine imandikhudza mpaka lero. Zoyambirira zinachitikadi kunja, Wilhelm Röntgen anatulukira X-ray ku Würzburg mu 1895 nkujambula dzanja la mkazi wake mphete ikuoneka pa fupa, ndipo wodwala woyamba kulowa mu CT anajambulidwa ku London mu 1971, ngakhale masamu ake ena anawayamba Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, akuthandiza pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Koma funso limene linazunguza madokotala kwa zaka zambiri linayankhidwa ku Gulupu.

Funso lake linali lakuti, mwana wa malungo a mu ubongo, amene wakomoka, walandira mankhwala abwino ndipo tizilombo tayamba kufa, amamwaliranso chifukwa chiyani? Anamwino ankaona mwana akupuma kenako mpweya nkungoima, mtima ukugundabe. Mu 2008 pachipatala cha Queen Elizabeth Central panafika makina a MRI, a mphamvu yochepa poyerekeza ndi a m'zipatala za kunja, 0.35 tesla basi, ndipo gulu la Dr Terrie Taylor ndi Dr Karl Seydel pamodzi ndi madokotala, anamwino ndi ojambula a ku Malawi linayamba kujambula ana okomokawa. Tangoganiza ntchito yake, kamwana kali chikomokere, diripi ili pamkono, mayi ake akudikira panja chitenje chili kukamwa, anthu akukanyamula mosamala kukalowetsa mu makina aphokoso kenako nkukhala pansi kuyeza chithunzi chilichonse.

Zotsatira zinatuluka mu 2015 mu magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine. Pa ana 168, ana 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo ubongo wawo unali utatupa kwambiri, pomwe mwa ana 143 amene anachira otupa chotero anali 39 okha. Ubongo ukatupa ulibe kothawira poti chigaza sichitamuka, ndiye umakankhira pansi nkupanikiza tsinde la ubongo pamene pamayendetsa kupuma. Ndipo mwa ana ochirawo kutupako kunkaphwa pakapita masiku ochepa, zomwe zinapatsa ofufuza ganizo loti mwina mwana atathandizidwa kupuma ndi makina kapena kupatsidwa mankhwala ophwetsa mpaka nthawi yoopsayo idutse angapulumuke, ndipo anayamba kuyesa zimenezo komweko. Yankho limeneli silikanapezeka ku London kapena ku Boston chifukwa ana odwala chotero kulibe kumeneko.

Palinso njira ya sikani yotchedwa FASH, yofufuzira TB imene yabisala kunja kwa mapapo mwa anthu amene ali ndi HIV, poyang'ana madzi ozungulira mtima, m'mimba ndi timabala ta mu kapamba. Inayambira kumidzi ya KwaZulu-Natal ku South Africa ndipo ku Lilongwe akuigwiritsa ntchito nkumaphunzitsa ena.

Mu 2016 katswiri wa makompyuta Geoffrey Hinton ananena kuti anthu asiye kuphunzitsa madokotala owerenga zithunzi poti makina awalanda ntchito posachedwa. Zaka zadutsa, mayiko olemera omwewo akudandaula kuti madokotalawa akuchepa, ndiye kwathu kuno kumene chithunzi chimatha kudikira wochiwerenga usachite mantha kuti ukasowa chochita. Limbikira masamu, physics ndi biology. Ukhoza kuyamba ndi maphunziro a radiography, ojambula m'thupi, ku Malawi College of Health Sciences, kapena udokotala ku KUHeS kenako nkupitiriza ukatswiri wa radiology, wowerenga zithunzizi, kapenanso kulowera mbali ya kompyuta, chifukwa pakufunika anthu oti asonkhanitse zithunzi za odwala athu mosunga chinsinsi chawo, azilembe bwino kuti ichi ndi chipsera ichi ndi TB yatsopano, nkuyesa mapulogalamu obwerawa asanafike pa bambo ngati amuna a mayi a ku Blantyre aja. Ukalemba mayeso a MSCE undilembere, undiuze mmene physics yayendera.