Musaonjezere shuga m'madzi a Thanzi, ndipo Fanta asalowe m'malo mwake

Mayi, mwati mwana wanu wa miyezi 14 akutsegula m'mimba, akukana madzi a Thanzi ORS chifukwa cha kamchere kaja, ndiye mukufunsa ngati mungathiremo shuga wina kapena kumupatsa Fanta. Chonde, zonse ziwiri musachite.

Khoma la matumbo lili ndi maselo ang'onoang'ono, ndipo selo lililonse lakutidwa ndi kachikopa kopyapyala kamafuta. Sodiyamu wa mumchere sangaboole kachikopako payekha, amadutsira pa kachitseko kotchedwa SGLT1. Kachitsekoka sikatseguka pokhapokha tizidutswa tiwiri ta sodiyamu tifike pamodzi ndi kamodzi ka gulukosi, womwe ndi mtundu wa shuga. Zikalowa, mbali ina ya selo kuli kapampu komwe kamakankhira sodiyamu kumagazi, motero m'kati mwa selo mumakhala malo olandirira wina. Madzi sayendera chitseko chimenechi, amangotsatira komwe mchere ndi shuga zachuluka, zomwe asayansi amati osmosis. Wasayansi Robert Crane ndiye anafotokoza za kuyendera limodzi kwa sodiyamu ndi gulukosi mu 1960. Ngakhale kolera, yemwe poizoni wake amachititsa maselo kukhuthulira madzi m'matumbo, sawononga kachitseko kameneka. N'chifukwa chake madzi osavuta kupangawa amapulumutsa moyo.

Tsono muyeso wake ndi wosamala kwambiri. Paketi imodzi ili ndi gulukosi wokwana magalamu 13.5 ndi mchere magalamu 2.6, komanso potaziyamu (mchere wina wofunika m'thupi) pang'ono, zonse za lita imodzi. Zakumwa zoziziritsa kukhosi zambiri zimakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 100 pa lita, mchere wake n'kukhala wosawerengeka. Shuga wochulukayo sapeza sodiyamu woyenda naye, amatsalira m'matumbo, kenako amakoka madzi kuchoka m'thupi la mwana kubwera m'matumbomo. Mwana amene mumafuna kumubwezeretsa madzi ndiye amatsegula kuposa poyamba. Kuchepetsa madzi nakonso n'koopsa: paketi yothiridwa mu theka la lita imachulukitsa mchere kawiri, ndipo mchere ukakwera m'magazi umayamwa madzi m'maselo a ubongo, mwana akhoza kukomoka.

Yezani lita yathunthu, mabotolo awiri a 500 ml, madzi owiritsa ozizira kapena othira mankhwala ophera tizilombo. Thirani paketi yonse, takasani mpaka isungunuke. Osamupatsa kapu kuti agugudize. Mukhazikeni pamiyendo, mupatseni supuni yaing'ono imodzi pa mphindi imodzi kapena ziwiri zilizonse. Pang'onopang'ono chonchi kamchere kaja sikamunyansa kwenikweni. Akachita chimbudzi chamadzi, amwe 50 mpaka 100 ml. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso modekha. Otsala pakatha maola 24 atayeni, mupange ena.

Bere musalichotse, ndipo phala apitirize kudya. Kuchipatala pemphani mapiritsi a zinc, 20 mg kamodzi patsiku kwa masiku 10 mpaka 14, ngakhale kutsegulako kutasiya pa tsiku lachitatu. Zinc amathandiza khoma la matumbo kuchira msanga.

Paketi ikasowa usiku, thirani masupuni aang'ono 6 a shuga, osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Lawani kaye: asawawe mchere kuposa misozi. Izi ndi zongodikirira kuti kuche, chifukwa mulibe potaziyamu.

Koma mukaona maso alowa, liwombo lalowa m'kati, khungu la pamimba mukalitsina likubwerera mochedwa, mwana walefuka kapena sakutha kumwa, m'chimbudzi muli magazi, kapena chimbudzicho chikuoneka ngati madzi otsukira mpunga, musadikire kuti kuche. Mberekeni mupite kuchipatala nthawi yomweyo, mukumumwetsa m'njira, chifukwa pamenepo angafunike diripi.