Kusiyana kwa "clam up" ndi "shut up"

Achimwene, mwafunsa ngati "clam up" ndi "shut up" ndi mawu ofanana, popeza onse amanena za kukhala chete. Safanana, ndipo kuwasokoneza kungakuyambanitseni ndi munthu amene simunafune kumulakwira.

"Clam up" amachokera ku kanyama ka m'madzi kotchedwa clam, kamene kamakhala m'zigoba ziwiri n'kuzitseka mwamphamvu kakamva choopsa. Choncho mawuwa amanena za munthu amene amayankhula bwinobwino koma mwadzidzidzi wangoti duu chifukwa cha mantha, manyazi kapena kusafuna kuulula kanthu. Taganizirani mwana amene akufotokoza mosangalala za kusukulu, koma mukangomufunsa za zotsatira za mayeso, wayang'ana pansi n'kuyamba kuseweretsa batani la malaya ake. Mngelezi anganene kuti "he clammed up". Palibe amene wamulamula. Kukhala cheteko kwachokera mumtima mwake.

"Shut up" nthawi zambiri ndi lamulo laukali, ngati kuuza munthu kuti atseke pakamwa, ndipo ndikukupemphani kuti musawanene kwa abwana anu kapena kwa munthu wamkulu aliyense. Ofatsirapo ndi "pipe down", ngakhale nawonso si aulemu kwenikweni.

Ngati mwadziletsa kuyankha ngakhale mawu afika kukhosi, nenani kuti "I bit my tongue". Kunyanyalira munthu, osamuyankhula masiku angapo, ndiye "the silent treatment". Mu "keep mum", amene amatanthauza kusunga chinsinsi, "mum" sakunena za amayi ayi, koma akutsanzira kamvekedwe ka milomo yotsekedwa.