Matewera ochapa kapena mapampasi: chotchipa n'chiti?

Mayi wina wa ku Bembeke, yemwe akuyembekezera mwana woyamba mu Juni, watilembera imelo. Akuti apongozi awo akuwauza kuti agule matewera ochapa, anzawo akuti mapampasi, ndiye akufuna kudziwa chomwe sichingawathere ndalama.

Mayi, pa nkhani ya ndalama apongozi anu akunena zoona. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Khanda limasinthidwa ka 8 kapena kuposa pa tsiku m'miyezi itatu yoyamba, kenako ka 5 kapena 6. Ka 8 kwa masiku 90 ndi mapampasi 720. Miyezi 21 yotsatira, ka 6 pa tsiku, ndi 3,780. Pofika zaka ziwiri mwagula mapampasi 4,500. Funsani mtengo wa paketi yaikulu pa Dedza boma, mugawe ndi kuchuluka kwa mapampasi ali m'katimo, muchulukitse ndi 4,500. Wogula limodzilimodzi pa okala amalipira zambiri kuposa pamenepo. Ambiri mwa mapampasiwa amachokera kunja, choncho kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umakwera nthawi yomweyo.

Matewera mumagula kamodzi. Mukufunika 24, mapini, timakabudula ta pulasitiki tinayi (timasinthidwa mwana akamakula), ndi ndowa yokhala ndi chivundikiro. Akasamalidwa bwino amadzafikanso kwa mng'ono wake. Zodya ndalama mwezi ndi mwezi ndi sopo, makala a m'simbi ndi madzi. Kuchapa kumodzi kumatha ndowa ziwiri za malita 20, ndipo ngati mumatunga pa mjigo wakutali, muwerengerenso msana wanu, makamaka masabata oyamba mutachira kumene.

Chomwe chikutidetsa nkhawa ndi mwezi womwe mwanayo akubwera. Juni ndi Julaye ku Bembeke mukukudziwa nokha: chifunga mpaka dzuwa litakwera, mwera, kamvula kowaza. Thewera lokhuthala limatha kukhala pachingwe tsiku lonse n'kulowa nalo m'nyumba lidakali lachinyezi. Ndiye musachepetse chiwerengero n'kugula 12 okha, adzakutherani masana. Mangani chingwe china pakhonde, ndipo lomwe silinaumitsitse mulisite mpaka liume. Kumveka mwana thewera lachinyezi m'chisanu chotere n'kumuitanira zilonda za m'mphechepeche.

Zilonda zimenezi anthu amanamizira matewera, pomwe vuto limakhala kuchedwa kusintha ndi kachapidwe. Chimbudzi cha mwana kachitayeni kuchimbudzi, tsukuluzani thewera ndi madzi ozizira kaye chifukwa otentha amakhazikitsa banga, kenako muviike m'ndowa yovundikira. Lisagonemo kupitirira tsiku. Chapani ndi sopo, mutsukuluze katatu mpaka thovu lithe. Sopo wotsalira ndi amene amayabwa khungu ndi kuumitsa nsalu gwa. Zofewetsera zovala musaike, zimachititsa kuti thewera lisamamwe mkodzo. Yanikani pachingwe, osati pa udzu kapena pansi, chifukwa pali ntchentche zomwe zimaikira mazira pansi ndi pa nsalu zonyowa, mphutsi zake n'kulowa m'khungu la mwana. Simbi yotentha imapha mazirawo, sitani mbali zonse.

Mapampasi ali ndi mtengo winanso wosaoneka pa lisiti. Saola msanga. Mukamaponya m'chimbudzi chokumba chimadzadza nthawi isanakwane, mukataya kuseri agalu amawamwaza m'dimba la mbatatesi. Komanso poti ndi odula, makolo ambiri amamusiya mwana ndi pampasi limodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, n'kudzawonongera ndalama ku mankhwala opaka.

Ife tikuti gulani matewera 24 akhale a tsiku ndi tsiku, mapampasi musungire usiku, ulendo wa ku sikelo, kutchalitchi, ndi masiku omwe dzuwa lakana. Pampasi limodzi pa tsiku kwa zaka ziwiri ndi 730. A saizi ya khanda musagule ochuluka, mwana amawapitirira pakangotha masabata ochepa. Matewera atsopanowo muwachapiretu kawiri musanapite kuchipatala, chifukwa nsalu yosachapa simwa madzi bwino.